Baketi, mafoloko kapena grapple: kodi mlimi wa ku Rufunsa asankhe citi poswa mphanje?

ALIYENSE woyenda pa mseu wa Great East kucokera ku Chongwe, kudutsa pa Chinyunyu mpaka kukafika ku Mpanshya, amaona zinthu ziwiri m'mbali mwa mseu: matumba a malasha ondandalikidwa, ndi minda yatsopano imene ikulowa m'chire. Boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku Chongwe m'nthawi ya utsogoleri wa malemu a Michael Sata, lili pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 150 kum'mawa kwa Lusaka, ndipo ofuna malo olima akuculukirabe m'maiko a mafumu a Bunda Bunda, Mpanshya ndi Shikabeta.

Kale kuswa mphanje inali nchito ya nkhwangwa, piki ndi khasu, ndipo banja linkatha miyezi likulimbana ndi zitsa pa kamalo kang'ono. Masiku ano mathirakita ayamba kuoneka. Ena ndi a alimi paokha, ena ndi a makopaletivu ndi magulu a pa parishi amene anatenga ngongole, maka-maka kucokera mu 2022 pamene ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse. Thirakita ikafika, funso lotsatira limakhala lakuti: kodi tiikepo ciyani kutsogolo kwake kuti itithandize kulambula chire ndi kututa nthambi? Apa m'pamene ndalama zambiri zimataika, cifukwa cida colakwika cimathyola thirakita, cimapala nthaka yaconde, ndipo cingathe kupha woyendetsa ngongole isanabwezedwe.

Nchito zake ndi zitatu

Musanapite ku sitolo ku Lusaka, yambani mwayenda m'munda mwanu. Cimene timangoti "kulambula" kweni-kweni ndi nchito zitatu zosiyana. Yoyamba ndi kuzula zitsamba ndi timitengo tophukira, monga m'munda umene unagonera zaka zingapo. Yaciwiri ndi kucotsa zitsa za mitengo ikulu-ikulu. Yacitatu ndi kusonkhanitsa ndi kututa zimene zadulidwa.

Loda, ndiye kuti mikono iwiri yacitsulo yoikidwa kutsogolo kwa thirakita, inapangidwira kunyamula ndi kusenza. Nchito yoyamba ndi yacitatu imaigwira bwino ikapatsidwa cida coyenera. Yaciwiri si yake ai. Mitengo yathu ya mombo, mutondo ndi mubanga ili ndi mizu yolowa pansi ndiponso yoyanza patali, n'cifukwa cake imaphukiranso ngakhale mutaidula kangati. Mukakankha citsa cotere ndi ngodya imodzi ya baketi, mphamvu yonse imagwera pa mkono umodzi, mkonowo n'kupindika, ndipo loda yopindika siwongokanso bwino-bwino. Citsa conenepa ngati nchafu ya munthu wamkulu cikumbireni m'mbali ndi piki n'kudula mizu yake, kapena sonkhanani angapo mubwereke makina okumba monga TLB kapena excavator kwa masiku owerengeka.

Nyengo nayo ndi yofunika. Zitsamba zimazuka mosabvuta kumapeto kwa mvula, mu March mpaka May, nthaka ikali ndi cinyontho. Mu September ndi October nthaka imauma gwa, ndipo m'pamene mano a zida amathyoka. Miyezi youma ndi yabwino potuta, popeza matayala satitimira.

Kodi thirakita yanu ingakwanitse?

Mathirakita ambiri a alimi athu ndi a mahosi 45 mpaka 80, a mitundu ya Massey Ferguson, TAFE, Mahindra kapena John Deere, ndipo oculuka amakoka ndi mawilo akumbuyo okha. Loda ikanyamula katundu, kulemera kumathamangira kutsogolo, ndipo mawilo akumbuyo amapepuka. Tsono mawilo amenewa ndiwo amakoka, ndiwonso ali ndi mabuleki. Thirakita yotere imayamba kuterereka, timatayala takutsogolo timatitimira, ndipo mabelingi akutsogolo amatha msanga. Yokoka ndi mawilo onse anai imasenza loda bwino kwambiri. Ngati yanu ndi ya mawilo awiri, mungaike loda, koma sankhani zida zopepuka ndipo muzinyamula pang'ono-pang'ono. Thirakita yopanda power steering musaibvutitse ndi loda.

Funsani wogulitsa kuti loda imanyamula makilogalamu angati, ndiponso kuti anayezera pati. Pamakhala manambala awiri. Yoyamba ndi ya pa mapini pamene cida cimalumikizidwa, ndipo ndiyo yaikulu imene amakonda kulengeza. Yaciwiri amayezera masentimita 50 kapena 80 kutsogolo kwa mapiniwo, pamene katundu amakhaladi, ndipo ndi yocepa.

Tiyerekeze kuti loda yalembedwa makilogalamu 1,000 pa mapini, koma kutsogolo imakwanitsa 700. Mukaikapo cida colemera makilogalamu 300, otsala ndi 400 basi. Mtengo wauwisi wa m'chire mwathu umalemera pafupi-fupi tani imodzi pa kiyubiki mita. Motero cipika cotalika mamita 3, conenepa masentimita 30, cimalemera makilogalamu 200 kapena kuposerapo. Zipika ziwiri zokha, loda yafika pa malire ake. Cida cacikulu kwambiri cimadya mphamvu imene mukanasenzera katundu.

Baketi

Loda nthawi zambiri imabwera ndi baketi, ndipo ndi yabwino pa manyowa, mcenga, miyala, dothi la pa culu ndi cimanga. Koma pa nthambi siyenera. Nthambi zimatenga malo akulu koma sizikhazikika m'baketi, zimagwa panjira. Coopsa n'cakuti mukaikweza pamwamba, cipika cingathe kugubuduka kutsata mikono ya loda mpaka kukagwera woyendetsa. Ndiponso baketi ilibe mipata: mukakankha nayo zitsamba imapala dothi lapamwamba lakuda lija n'kukaliunjika pamodzi ndi zinyalala. M'minda yathu ya mcenga ndi miyala, dothi laconde ndi locepa, ndipo ndilo cuma cimene munafunira mundawo.

Baketi ingathandizidwe pomangirirapo mzere wa mano acitsulo kumlomo kwake ndi mabauti. Manowa amakola mizu ya zitsamba zazing'ono. Ndi njira yochipa, koma sithetsa bvuto la kututa.

Mafoloko

Cida cimene ambiri amacipeputsa ndi mafoloko, onga aja amanyamulira mapaleti m'madepoti a feteleza. Safuna mapaipi ena a haidroliki, ndi opepuka, ndipo palibe zambiri zoonongeka. Anthu akaunjika nthambi zoloza mbali imodzi, mafoloko amalowa pansi pa mulu n'kuunyamula wonse osatenga dothi. Nchito yolambula ikatha amakhalabe othandiza caka conse, pokweza matumba, mapulanga, madramu ndi mabelo a udzu.

Onetsetsani kuti kumbuyo kwake kuli cochinga cacitali cotsekereza katundu kuti asabwerere kwa woyendetsa, ndipo zipika zizimangidwa ndi cheni. Owocerera zitsulo odziwa nchito angathe kukupangirani mafoloko a mano anai kapena asanu ndi limodzi, amene amagwira nthambi bwino kuposa a mano awiri, malinga citsulo cikhale cokhuthala. Pewani aja ongomangirira kumlomo kwa baketi: amaika katundu patali ndi thirakita ndipo amapinda mlomo wa baketi.

Leki ya mizu

Ici ndi cipeso cacikulu cacitsulo. Mano ake amalowa pang'ono m'nthaka, masentimita 10 kapena 15, n'kukokolola mizu yoduka, ziputu ndi nthambi, dothi n'kumatsalira m'munda podzera m'mipata. Mlimi wofuna kudzang'amba mizere ndi ripa ya thirakita ayenera kuiganizira, pakuti mizu yotsalira pansi ndiyo imathyola mano a ripa ndi kukola pulanta. Bvuto lake n'lakuti payokha imangokankha ndi kuunjika, singathe kukweza katundu m'ngolo.

Grapple

Grapple ndi leki yomweyo koma yokhala ndi cibwano capamwamba cotsegula ndi kutseka ndi mphamvu ya haidroliki. Imakokolola, imagwira, imanyamula, ndipo imakweza m'ngolo woyendetsa asanatsike. Pa nchito ya nthambi palibe cida coiposa, koma ndiyonso yodula pa zonse.

Posankha, musakopeke ndi kukula kwake. Nthambi zimatulukira mbali zonse ziwiri, cotero grapple yocepa m'lifupi imanyamula mulu wofanana ndi yaikulu, pamene ili yopepuka ndiponso yolowa mosabvuta pakati pa mitengo imene mwasiya. Ya mita 1.2 mpaka 1.5 imakwanira thirakita yaing'ono, ndipo ya 1.5 mpaka 1.8 imakwanira zokulirapo. Ya zibwano ziwiri imagwira bwino katundu wosafanana, monga mtengo wonenepa kutsinde koma wowonda kunsonga. Ya cibwano cimodzi ndi yopepuka ndi yochipirapo, ndipo ili ndi masilinda ndi mapaipi ocepa oti aonongeke. Yang'anani ngati masilinda ali ndi zochinga, ndi ngati mapini ali ndi pothirira girizi.

Palinso cibwano congomangirira pa baketi imene muli nayo kale. Cimagwira nthambi ndithu, koma dothi limatengedwabe, ndipo woyendetsa saona bwino pansi. Zida zina monga cozulira mitengo ndi baketi yopyapyala yokumbira zitsa zinapangidwira makina olimba onga skid steer. Pa thirakita ya m'munda zimangoyenera timitengo tating'ono.

Mafunso awiri amene ambiri amaiwala

Loyamba ndi la haidroliki. Loda wamba ili ndi njira ziwiri za mafuta: yokweza ndi kutsitsa mikono, ndi yopendeketsa baketi. Cibwano ca grapple cimafuna njira yacitatu. Mungakoke mapaipi atali kucokera ku mavavu akumbuyo kwa thirakita ngati alipo, kapena kuikitsa vavu yapadera. Funsani mtengo wa zonse pamodzi, grapple, vavu, mapaipi ndi malipiro a makaniko, musanalipire ngwee iliyonse.

Laciwiri ndi la polumikizira. Maloda ena amalumikiza cida ndi mapini, ena ndi ndowe za mtundu wochedwa Euro, ena ndi mbale ya mtundu wa skid steer, ndipo mitundu imeneyi silowana. Zida zakale zocokera ku South Africa kapena ku Ulaya zimaoneka zochipa, koma zikafika ku Shikabeta n'kukana kulowa, mtengo wozibwezera ndi wanu. Jambulani cithunzi ca kutsogolo kwa loda yanu, yezani ndi tepi, mupite nazo. Akulu anati safunsa anadya phula.

Ndi bwino kuona zida zikugwira nchito musanagule. Cionetsero ca Agritech Expo, cimene cinayamba mu 2014 pa GART ku Chisamba, ndi cionetsero ca zaulimi ndi zamalonda ca ku Lusaka, ndi malo abwino ofunsira ndi kuyerekeza. Funsaninso ngati masilo a masilinda, mapini ndi mapaipi amapezeka m'dziko muno.

Moyo wa woyendetsa

Rufunsa ndi dziko la mapiri ndi zigwa, ndipo amene anatsikapo pa Manenekela akudziwa. Pa malo otsetsereka loda imasandutsa thirakita kukhala cinthu cosacedwa kugubuduka. Cotero musananyamule kanthu, ikani colemera kumbuyo. Matayala akumbuyo angathiridwe madzi kufika pa vavu, ndiye kuti magawo atatu mwa anai. Dramu ya malita 210 yodzazidwa ndi konkire imalemera makilogalamu pafupi-fupi 500, ndipo ikakolekedwa bwino kumbuyo imabweza kulemera pa mawilo okoka. Pulawo yolemera nayo imathandiza.

Yendani katundu ali pansi-pansi, mumukweze pokha-pokha mwafika pa ngolo ndipo mwaima pamalo osalala. Musayende mopingasa phiri. Katundu aziloza kumtunda: pokwera yendani cakutsogolo, potsika bwererani cakumbuyo. Citsulo cochinga woyendetsa thirakita ikagubuduka cisacotsedwe, ndipo lamba amangidwe. Pokoka cipika kapena citsa, cheni cikolekedwe pa drawbar pokha, pansi. Mukakoleka pamwamba, thirakita imadzuka kutsogolo n'kugwa cagada m'kanthawi kocepa, mwendo usanafike pa kilachi.

M'baketi si mokwera anthu, kaya ndi ana, kaya ndi anchito obwerera kunyumba. Munthu asaime pansi pa loda yokwezedwa, ndipo poimika thirakita cida citsitsidwe pansi. Paipi ikamadontha musaifufuze ndi dzanja, gwiritsani nchito kapepala ka katoni. Mafuta amenewa amakhala ndi mphamvu yofika ma bar 200, ndipo amaboola khungu ngati jekeseni. Kabala kake kamaoneka kang'ono koma kangathe kudulitsa cala kapena dzanja. Zikacitika thamangirani kucipatala tsiku lomwelo, kaya ku St Luke's ku Mpanshya kaya kwina kulikonse kwapafupi, ndipo muwauze kuti ndi mafuta a haidroliki.

Thirakita nayo itetezeni. Ikani sefa yacitsulo kutsogolo kwa ladiyeta ndi citsulo pansi pa mimba yake, cifukwa nthambi imodzi yoboola ladiyeta imaimitsa nchito kwa sabata. Auzeni odula mitengo kuti asasiye tizitsa tosongoka, popeza ndi mikondo ya matayala. Milu imene yakhalitsa imabisa njoka ndi njuci, cotero muziyamba mwaigwedeza ndi cida anthu ali patali.

Kututa ndi kusankhula

Loda ndi yotutira pafupi. Mtunda ukatalika mumangotentha dizilo pa katundu wocepa, ndipo m'pofunika ngolo yokhala ndi mitengo yoimika m'mbali. Ngolo ya ng'ombe nayo isanyozedwe pa nkhuni zopita kunyumba.

Musaunjike zonse pamodzi kuti mutenthe. Patulani milimo ndi mapaso omangira nkhokwe ndi makola, patulani nkhuni, ndipo nthambi zaminga zikachinge khola kapena dimba. Nthambi zing'ono-zing'ono ziyaleni m'mizere yopingasa kutsetsereka ndi m'ngalande zokumbika ndi madzi, kuti zizigwira dothi mvula ikagwa. Zotsala zokha ndizo mutenthe, mutalambula mozungulira, osati m'miyezi ya mphepo ndi kutentha ya September ndi October pamene moto umalumpha mpaka m'minda ya anzanu. Mulu wokankhidwa ndi baketi, wodzaza dothi, supsa bwino: umangofuka masiku ambiri.

Si ciliconse coyenera kuzulidwa

Makina amacita m'masiku ocepa zimene nkhwangwa inkacita pa caka, ndipo kulakwitsa kwake nakonso kumafulumira. Cilala ca 2024, cimene a Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February caka cimeneco, cinatikumbutsa kuti nthaka yopanda cophimba siicedwa kuuma. Siyani mitengo m'mbali mwa mitsinje, kuyambira timifuleni mpaka Lunsemfwa. Siyani mapiri otsetsereka kwambiri. Siyani masuku ndi mpundu zimene ana amadya ndi amai amagulitsa pa mseu, ndipo kumbukirani kuti bowa wa m'chire samera pamene mitengo ya miombo yatha. Msangu, umene bungwe la Conservation Farming Unit lakhala likulimbikitsa alimi kubzala, umayoyola masamba nthawi ya mvula n'kudyetsa cimanga ca pansi pake. A ku Kasisi Agricultural Training Centre, sukulu imene a Jesuit anayambitsa mu 1974 ku Chongwe, akhala akuphunzitsa kwa zaka zambiri za kubwezera conde m'nthaka. Nthawi zina kukonza munda wakale n'kochipa kuposa kuswa watsopano.

Lamulo nalo lilipo. Kupatsidwa malo ndi anyakwawa kapena amfumu si cilolezo cogulitsa mitengo. Lamulo la za nkhalango la nambala 4 la 2015 limafuna cilolezo podula mitengo yamalonda, pootcha malasha ndi ponyamula zinthu zimenezi pa mseu, cotero pitani ku ofesi ya za nkhalango ya boma lathu thirakita isanalowe m'chire. Wofuna kulambula malo akulu kwambiri afunsenso a ZEMA. Mbali ina ya boma lino ili m'malo osungira nyama ndipo imacita malire ndi paki ya Lower Zambezi, komanso kuli nkhalango zosungidwa mwa pangano, monga Rufunsa Conservancy kumene kampani ya BioCarbon Partners inayambira nchito yake yoteteza nkhalango. Dziwani malire musanayambe.

Ngati thirakita ndi ya gulu

Thirakita ya kopaletivu kapena ya parishi imafa msanga ikakhala ya aliyense. Pakhale woyendetsa mmodzi wophunzitsidwa, ndi buku lolembamo maola, dizilo ndi dzina la mwini munda. Pa nchito yolambula lipiritsani pa ola, osati pa hekitala kapena pa lima, pakuti lima imodzi ya chire lothithikana ingadye nthawi yoculuka kuposa hekitala ya tsala. Woyendetsa ndi mwini munda ayende m'mundamo poyamba, aike zizindikiro pa zitsa, miyala, maenje ndi mitengo yosiyidwa. Pa ndalama iliyonse yolowa, gawo lina lisungidwe la matayala, mapaipi ndi mafuta. Woyendetsa akhale ndi mphamvu yokana citsa cacikulu ngakhale wopemphayo ali wa mu komiti.

Nanga tigule citi? Mlimi wolambula munda wake yekha, kamodzi, asagule grapple. Mafoloko okhala ndi cochinga, cheni cabwino, colemera cakumbuyo ndi ngolo zimkwanira, ndipo zidzamtumikira ngakhale chire litatha. Wolambula tsala lokhala ndi zitsamba zambiri aonjezepo mano pa baketi kapena leki ya mizu. Gulu lokhala ndi thirakita yokoka ndi mawilo onse anai, limene lidzagwira nchito m'minda yambiri caka ndi caka, ndilo lingabweze ndalama za grapple. Zitsa zikulu-zikulu zisiyireni piki kapena makina obwereka. Mvula isanathe, itanani alangizi a zaulimi a m'dera lanu, muyende nawo m'munda, muwerenge zitsa, ndipo mukatero m'pamene mupite kukafunsa mitengo ku Lusaka.